Matisheti a Okwera Njinga Zamoto Akasanduka Chofunda

Mwezi wa Ogasiti ukafika, katawuni ka Sturgis, m'chigawo cha South Dakota ku America, kamasefukira. Masiku onse mumakhala anthu pafupifupi 7,000 okha, koma kwa masiku 10 a mweziwu kumafika alendo okwana ngati 500,000, ambiri a iwo ali pa njinga zamoto. Msonkhanowu unayamba mu 1938, pamene Clarence Hoel, yemwe ankagulitsa njinga zamoto za Indian m'tawuniyo, anakonza kampikisano kothamangitsa njinga pamodzi ndi anzake a kalabu ya Jackpine Gypsies. Unakula pang'onopang'ono mpaka mu 2015, pa msonkhano wa nambala 75, chiwerengero chinapyola 700,000. Ena mwa anthuwa amakhala pamsewu masiku atatu kapena anayi kuti akafike, dzuwa likuwawamba, mvula ikuwapanda, mphepo ikuwakankha uku ndi uku m'zidikha zopanda mitengo za m'katikati mwa dzikolo. Pobwerera, poti njinga ilibe malo ambiri oikapo katundu, chimene ambiri amanyamula ndi tisheti yakuda bii yolembedwa dzina la tawuniyo ndi chaka. Amachitanso chimodzimodzi ku Daytona Beach ku Florida mu Malichi, ndi ku Laconia ku New Hampshire mu Juni. Zaka 20 kapena 30 zikadutsa, kabati imadzaza ndi matisheti amene mwini wake sawavalanso, ena atathina, ena atasuluka, koma amene sangalole kuti munthu awataye. Apa m'pamene pamalowa lumo ndi singano. Matishetiwo amadulidwa n'kulumikizidwa kukhala chofunda chochindikala cha zigamba, chimene eni akewo amachitcha quilt.

Zofunda zimenezi sizilandira ulemu wambiri. Pakati pa akatswiri a zosokasoka, amene ntchito zawo zimakapachikidwa ku zionetsero zikuluzikulu za ku Houston ndi ku Paducah, alipo amene amaziona ngati ntchito ya ongoyamba kumene, yongodula zidutswa zikuluzikulu n'kuzilumikiza basi. Ena amati ndi chikwangwani cha kampani chimene chalowa mpaka kuchipinda chogona. Enanso amangodabwa kuti zinthu ziwirizi zingayenderane bwanji: kuno phokoso, chikopa, oyilo ndi liwiro, uko ulusi, thonje ndi kufatsa. Ine ndikuona kuti onsewa akuphonya. Chofunda cha matisheti ndi mbiri yokhulupirika kwambiri imene kukwera njinga yamoto kungasiye, ndipo sichinapatuke pa mwambo wakale wa zofunda za zigamba, koma chikuyenda m'njira yake yeniyeni. Kuti mfundo imeneyi iime, iyenera kukumana ndi mafunso olemera, ndipo ena mwa iwo sayankhika mpaka kutheratu.

Choyamba timvetse kukwera kweniko. Kwa anthu ambiri ku America njinga yaikulu si yopitira kuntchito. M'zigawo za kumpoto imakhala yotsekeredwa m'galaja miyezi yonse yachisanu, n'kutulutsidwa kunja kukayamba kufunda. Munthu amaikwera Loweruka m'mawa alibe chokachita kumene akupitako, chifukwa chimene akufuna ndi msewuwo. Amamva kuzizira akatsikira kudambo ndi kufunda akakwera mtunda, amamva fungo la udzu wongomweta kumene ndi la mvula isanafike, amapendekeka ndi thupi lonse pokhota, ndipo maganizo ake sangayendeyende chifukwa kamchenga kochepa pakona kakhoza kumugwetsa. Koma zonsezi zimatha injini ikangozima. Wokonda kupala matabwa amatsala ndi mpando, wokonda kuwedza amabwera ndi nsomba, pamene wokwera njinga amabwera chimanjamanja. Ngakhale chithunzi sangajambule akuyendetsa, poti manja onse awiri ali pa ntchito, lamanja pa mafuta ndi buleki, lamanzere pa kilatchi. Zosangalatsa zosasiya kanthu m'manja zimabala njala ya umboni, chinthu chogwirika chonena kuti ndinafikadi kumeneko, chaka chakuti, ndi miyendo iwiri ya njinga yanga.

Kampani ya Harley-Davidson, imene inayamba mu 1903 ku Milwaukee, inaimvetsa bwino njala imeneyi. Kuyambira mu 1969 inali m'manja mwa kampani ya AMF, ndipo m'zaka zimenezo njinga zake zinatchuka ndi kudontha oyilo ndi kuwonongekawonongeka, uku za ku Japan monga Honda ndi Yamaha zikulanda msika. Mu 1981 akuluakulu 13 a kampaniyo, mmodzi wa iwo Willie G. Davidson, mdzukulu wa mmodzi mwa oiyambitsa, anaiwombola m'manja mwa AMF, ndipo mu 1983 anakhazikitsa Harley Owners Group, bungwe la eni njinga limene nthambi zake zimamangiriridwa ku masitolo ogulitsa njingazo. Sitolo inasiya kukhala pogulira chitsulo chabe. Inakhala pokumanira, ponyamukira maulendo, ndi pogulira zovala. Tisheti ya m'sitolo yotere ili ndi mbali ziwiri zosiyana ntchito. Kutsogolo kuli chithunzi chimene mungachipeze m'masitolo ambiri, monga chiwombankhanga, injini, malawi a moto, kapena chizindikiro cha kampani cha mtundu wa lalanje ndi wakuda. Kumsana kuli dzina la sitoloyo ndi la tawuni yake, kawirikawiri ndi chithunzi cha chinthu chodziwika cha kumeneko, kaya phiri, mlatho kapena gombe. Okwera ambiri amaona kuti tisheti ya tawuni iyenera kugulidwa m'tawuni momwemo, ndipo akakumana pamalo omwetsera mafuta, asanafunsane maina, amakhala atawerengana kale kumsana.

Tsopano tione mmene mulu wa matisheti umasandukira chofunda, chifukwa onyoza ambiri sanaione ntchitoyi chapafupi. Chofunda cha mtundu uwu chili ndi zigawo zitatu zosanjikizana: nsalu yapamwamba yolumikizidwa ndi zigamba, thonje lofewa pakati, ndi nsalu yapansi, zonse zosokedwa pamodzi ndi mizere ya ulusi yodutsa paliponse kuti thonjelo lisaunjikane mbali imodzi pochapa. Vuto loyamba ndi nsalu ya tisheti yeniyeniyo. Imakokeka, ndipo ukangoidula m'mphepete mwake mumapindika. Ukaisoka ili choncho makina amaikoka, ngodya sizikumana, chofunda chimatuluka chamakwinya. Choncho wosoka amayamba wachapa matisheti onse, makamaka poti akuda amasuluka n'kudetsa oyera, kenako amachotsa manja ndi khosi n'kulekanitsa kutsogolo ndi kumsana. Kuseri kwa chidutswa chilichonse amamatako kansalu kopyapyala ka guluu kamene kamagwira ndi simbi yotentha, kuti nsalu ilimbe n'kusiya kukokeka. Simbiyo isakhudze zolembedwa, chifukwa utoto wa pa matisheti ambiri ndi wa pulasitiki. Ukapsa umasungunuka n'kumata pasimbi, dzina la tawuni ndi chaka n'kupakika osawerengekanso. N'chifukwa chake amasita chakuseri, kapena atayala kansalu pamwamba. Akatero amadula ndi kampeni kozungulira ngati kagudumu, kamene kampani ya ku Japan ya Olfa inatulutsa mu 1979 ndipo kanasinthiratu ntchito ya osoka zigamba, akutsata rula yoonekera kuseri kuti chithunzi chikhale pakati. Zidutswa zambiri zimakhala za masentimita 30 mpaka 38 mbali iliyonse, ndipo matisheti 20, anayi chopingasa ndi asanu chotsika, amakwana chofunda cha bedi la munthu mmodzi.

Kudulako ndi chiyambi chabe. Matisheti ambiri a wokwera njinga ndi akuda, ndipo ukangowalumikiza mmene abwerera, chofunda chimakhala chamdima, zithunzi zikumirana. Wosoka wodziwa amayamba waziyala pansi, kuzisuntha uku ndi uku, kumwaza zotuwa, zoyera ndi za lalanje kuti diso liziyenda, n'kuzilekanitsa ndi timizere ta nsalu ina. Zithunzi sizilingana kukula. Cha kumsana chimadzaza msana wonse, cha pathumba n'chochepa ngati chikhatho, za m'manja aatali n'zazitali zowonda. Ena amadula zidutswa za misinkhu yosiyanasiyana n'kuzilowetsana osasiya mpata, ntchito yofuna masamu ndi pensulo lumo lisanagwidwe. Pamene utoto wachindikala singano imadumpha, ulusi n'kumaduka. Mabaji a pajekete ndi zidutswa za chikopa zimafuna singano yakeyake, ndipo bowo limene singano yaboola pachikopa silitsekanso. Koposa zonse pali mantha amene wosoka nsalu ya m'sitolo sawadziwa. Iye akalakwitsa amakagula mita ina. Tisheti ya ku Sturgis ya 1990 ndi imodzi yokha m'nyumbamo, ndipo ngakhale yofanana nayo itapezeka pa intaneti, si imene mwini wake anavala. Zoona, zilipo zofunda za matisheti zosokedwa mwachisawawa, monganso zilipo za maluwa zosokedwa mwachisawawa. Koma kunena kuti mtundu wonsewu ulibe luso n'kuweruza mlandu usanaumve.

Nkhani ya mwambo imayankhidwa ndi mbiri. Ena amaganiza kuti chofunda chenicheni cha zigamba ndi cha maluwa ndi nyenyezi, cha nsalu zatsopano zogulidwa mwadala. Zimenezo zilipo ndipo n'zokongola, koma pambali pake pakhala nthawi zonse mwambo wina, wosoka ndi zimene zagwira kale ntchito m'nyumba. M'zaka za mavuto a zachuma za m'ma 1930, amayi a m'midzi ya ku America ankasoka ndi matumba a nsalu amene munkabwera ufa ndi chakudya cha nkhuku. Ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda umene uli pamene mtsinje wa Alabama wakhota, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje zinkasoka ndi mathalauza a kumunda otha m'mawondo. Mu 1942 mayi wina wa kumeneko, Missouri Pettway, anasoka chofunda ndi zovala za ntchito za mwamuna wake Nathaniel, amene anali atamwalira chakumene. Zofunda za m'mudzimo zitaonetsedwa mu 2002 ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, akatswiri anaziika m'gulu la ntchito zazikulu za luso la ku America, ndipo mu 2006 zinatuluka pa masitampa a positi. Sindikunena kuti chofunda cha matisheti chingaime pambali pa za ku Gee's Bend. Zambiri sizingaime, ndipo umphawi umene unabala zijazi sufanana ndi kukhuta kumene kumabala izi. Koma muzu wake ndi umodzi: chovala chimene munthu wachivala nthawi yaitali chimanyamula moyo wake, thukuta lake, ndi malo amene anapitako, ndipo amene amamukonda amafuna kuchisunga m'njira yoti chizigwirabe ntchito, osati chizingodyedwa ndi njenjete m'sutikesi.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi chija cha malonda, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Harley-Davidson sigulitsa njinga zokha. Imagulitsa dzina, ndipo imaliteteza mwaukali. Mu 1994 inapempha boma kuti ngakhale kulira kwa injini yake kulembedwe ngati chizindikiro chake, ndipo inangosiya mu 2000 makampani ena atatsutsa kwa zaka zambiri. Mu 2018 khoti linalamula kampani yosindikiza matisheti ya SunFrog kuti ilipire madola 19.2 miliyoni chifukwa chogulitsa zovala za chizindikiro cha Harley popanda chilolezo. Munthu akhoza kufunsa moona mtima kuti ufulu wa pamsewu umene okwera amaunena uli pati, ngati ufuluwo umagulidwa pa kauntala, kuvalidwa pachifuwa, n'kufundidwanso usiku. Funsoli lili ndi mano. Komabe taonani chimene lumo limasankha. Nthawi zambiri mbali yofunika kwa mwini wake ndi ya kumsana, ya dzina la malo, ndipo pambali pake pamalowa matisheti opanda dzina la kampani iliyonse: ya ulendo wosonkhetsa ndalama za chipatala, ya kalabu ya m'tawuni, ya kanyumba kodyera ka m'mphepete mwa msewu, ya mnzake amene anamwalira. Okwera Honda, BMW ndi Indian amasoketsanso zofunda zawo. Kampani inagulitsa matisheti imodziimodzi, koma sinagulitse dongosolo lake, kuti iyi ikhale pakati chifukwa ndi ya ulendo woyamba ndi mkazi wake, iyi ikhale pakona chifukwa ndi ya chaka chimene injini inafa m'chipululu. Zili ngati chitenje cha msonkhano waukulu wa mpingo: fakitale inasindikiza masauzande ofanana, koma mayi amene ali nacho amadziwa chaka chake, basi imene anakwera, ndi amene anagona naye pafupi pansi m'kalasi. Chikwangwani cha malonda chimapangidwa kuti aliyense achimve. Chofunda ichi amachimva mokwanira ndi a m'nyumba imodzi yokha, ndipo mlendo sangachigule pa mtengo wa ntchito imene inalowapo.

Funso lachiwiri ndi lowawa: kodi zofunda zimenezi sizikukometsera masewera amene amapha anthu? Ziwerengero n'zoopsa ndithu. Ku America okwera njinga zamoto oposa 6,000 anafa pamsewu chaka chilichonse kuyambira 2021 mpaka 2023, ndipo bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, limawerengera kuti pa mtunda wofanana, wokwera njinga yamoto akhoza kufa kuwirikiza nthawi zoposa 20 kuyerekeza ndi wa m'galimoto. Apa tisanene kuti chakudza sichiimba ng'oma, chifukwa zoyambitsa ngozi zambiri n'zodziwika: mowa, liwiro, galimoto yokhota osaona njinga, ndi mutu wopanda chisoti. Zigawo zambiri za dzikolo, kuphatikizapo South Dakota, sizikakamiza munthu wamkulu kuvala chisoti, ndipo magulu ena a okwera ndi amene anamenyera kuti malamulo akhale otero. Pamenepa sindingawaikire kumbuyo. Koma chofunda si chimene chimakopa mnyamata kuti akwere njinga. Zimenezo ndi ntchito ya mafilimu ndi zotsatsa malonda. Chofunda chimabwera pambuyo, kukwera kutachepa kapena kutatha. Kafukufuku wa bungwe la Motorcycle Industry Council wa 2018 anapeza kuti theka la eni njinga zamoto ku America linali la zaka 50 kapena kuposa, ndipo njinga yaikulu ya maulendo aatali imatha kulemera makilogalamu oposa 350. Tsiku limafika pamene mawondo sangathenso kuichirikiza pa maloboti. Zofunda zambiri zimasokedwa pa nthawi imeneyo, kapena pambuyo pa maliro.

Chofunda cha maliro sichibisa imfa. Chimaiika poyera. Anthu a ku America anaona zimenezi mu Okutobala 1987, pamene chofunda chokumbukira omwalira ndi Edzi, chimene Cleve Jones anachiganizira ku San Francisco, chinayalidwa koyamba pabwalo lalikulu la ku Washington. Chinali ndi zigawo 1,920, chilichonse cha masentimita pafupifupi 90 m'lifupi ndi 180 m'litali, muyeso wa manda, ndipo abale ndi mabwenzi anasokerapo malaya, majini ndi matisheti a omwalirawo. Chofunda chimenecho sichinkakometsera matenda. Chinkakakamiza dziko kuona anthu pamene linkangoona manambala. Mayi wamasiye amene akupereka matisheti a mwamuna wake kuti adulidwe amadziwa mtengo wa njinga yamoto kuposa wolemba ziwerengero aliyense. Ngati wasankha kukumbukira mwamuna wake ndi chinthu chimene ankachikonda, ngakhale chikhale chomwecho chimene chinamupha, sikuti wanyengedwa ayi. Akukana kuti moyo wonse wa munthu uchepetsedwe n'kukhala tsiku limodzi la ngozi.

Enanso amaona mu nkhaniyi kugawa ntchito kwachikale, bambo pamsewu, mayi pamakina osokera akusunga mbiri ya maulendo a wina. M'nyumba zambiri ndi mmene zililidi, ndipo palibe chifukwa chokanira. Koma mbiri ya njinga zamoto sinakhalepo ya abambo okha. Mu 1915 Effie Hotchkiss anayendetsa Harley kuchokera ku New York mpaka ku San Francisco n'kubwereranso, amayi ake Avis ali m'kangolo ka m'mbali. Bessie Stringfield, mayi wakuda, anayendayenda yekha m'dzikolo m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene mahotela ambiri sankalandira munthu wakuda, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankanyamula makalata a asilikali panjinga. Kalabu ya amayi ya Motor Maids, imene Linda Dugeau ndi Dot Robinson anayambitsa mu 1940, ilipobe mpaka lero, ndipo kafukufuku wa 2018 uja anapeza kuti 19 mwa eni njinga 100 alionse anali amayi. Singano nayonso sinakhalepo ya amayi okha: m'zaka za m'ma 1800 asilikali a ku Britain ankasoka zofunda zogometsa ndi tizidutswa ta yunifolomu zawo za ubweya, ndipo zina zinaonetsedwa ku American Folk Art Museum ku New York mu 2017. Ngakhale mayi amene sanagwirepo chiwongolero, ngati anakhala kumbuyo makilomita masauzande, mvula yomweyo inamunyowetsa ndipo matisheti ena mu mulumo ndi ake. Akamasoka, akusoka ulendo wake.

Okwera njinga ndi osoka zofunda amakumananso pa ntchito zachifundo. Okwera ambiri ndi asilikali akale, ndipo makalabu ena anayamba ndi anyamata obwera kunkhondo yachiwiri, imene Harley inapangira njinga masauzande ambirimbiri. Bungwe la Quilts of Valor, limene Catherine Roberts anayambitsa mu 2003 mwana wake ali kunkhondo ku Iraq, limasoka zofunda zopereka kwa asilikali, ndipo la Patriot Guard Riders, la mu 2005, limaperekeza maliro a asilikali panjinga. Pa maulendo osonkhetsa ndalama, chofunda cha matisheti operekedwa ndi mamembala chimakhala mphoto ya matikiti a mwayi.

Wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Chipata ali ndi funso lakelake, ndipo n'loyenera. Kuno njinga yamoto ndi ya kabaza, yodyetsa banja, ndipo nkhani ya munthu wogula njinga ya madola oposa 20,000 kuti azingozungulira nayo, n'kumadula matisheti abwinobwino, ikhoza kumveka ngati masewera a anthu okhuta. Kunena zoona, mbali ina ndi masewera a anthu okhutadi. Komanso matisheti amenewa si achilendo kwa ife. America ndi limodzi mwa mayiko otumiza kunja zovala zakale zochuluka kwambiri, ndipo pa mulu wa kaunjika, kapena wa salaula ku Zambia, sizachilendo kutola tisheti yakuda ya chiwombankhanga yolembedwa kumsana dzina la tawuni imene wogulayo sanaimvepo. Tisheti yotere yapeza moyo wachiwiri wabwino, ikuvala munthu, ndipo sindinganene kuti yolowa m'chofunda yachita bwino kuposa iyo. Koma njira imene zovala zambiri zakale zimatsata ku America si ya kaunjika kapena ya chofunda, ndi ya kudzala. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, linawerengera kuti mu 2018 mokha matani oposa 11 miliyoni a nsalu anakwiriridwa m'maenje a zinyalala. M'dziko lozolowera kutaya chotero, munthu amene wakhala milungu ingapo akusamalira matisheti 20 osuluka, ena obooka m'khwapa, kuti agwire ntchito zaka zina zambiri, akuchita chinthu chimene telala aliyense wosataya zidutswa angachimvetse msanga.

Chofooka chenicheni cha zofunda zimenezi chili pena, ndipo eni ake ambiri sachiona. Poti zili ndi zilembo paliponse, zimaoneka ngati zikudzifotokoza zokha, koma zilembozo zimatchula matawuni ndi zaka, sizitchula anthu. Sizinena amene anakwera, amene anali kumbuyo, kapena amene anasoka. Malinga ngati mwini wake kapena mkazi wake ali moyo, amaloza chigamba chilichonse n'kufotokoza nkhani yake. Mdzukulu adzalandira maina a malo opanda nkhani. Vutoli si latsopano. Pamene ntchito ya Kentucky Quilt Project inayamba mu 1981 kulemba mbiri ya zofunda zakale za m'mabanja, ndipo zigawo zina n'kutengera chitsanzo chake, chimodzi mwa zovuta zazikulu chinali kudziwa amene anasoka, popeza amayi ambiri akale sankalemba maina awo pa ntchito yawo. Utoto wa pulasitiki nawonso sukhalitsa ngati nsalu: umang'aluka ndi kutentha ndi kuchapachapa, n'chifukwa chake chofunda chotere chimachapidwa ndi madzi ozizira ndipo sichiyenera kuumitsidwa pa kutentha kwambiri. Osoka osamala amasokerera kansalu koyera pakona ya kuseri, n'kulembapo ndi inki yosasuluka dzina la wokwera, dzina la wosoka, tawuni ndi chaka. Ena amaonjezera pepala lojambulapo mabokosi onse motsatana, lililonse ndi mzere umodzi kapena iwiri yonena za ulendowo, ndipo mizere imeneyi imalembedwa bwino pamene wokwerayo akadali ndi mphamvu zoti n'kufunsidwa.